Mluzu wa Naphiri

Ndikukumbukira fungo la khola la mahatchi ku Noordhoek, kufupi ndi Cape Town, kuposa mmene ndimakumbukirira nkhope za aphunzitsi anga a ku pulayimale. Linali fungo la utuchi wonyowa, udzu wouma ndi mkodzo wolasa m'mphuno, ndipo mphepo ya kunyanja ikaomba inkalibweretsa mpaka m'kachipinda kathu kuseri kwa kholalo. Bambo ankasamalira mahatchi a mayi wina wachizungu amene tonse tinkangomutchula kuti Madamu. Amayi ankachapa ndi kusita m'nyumba yaikulu. Ine ndinali ndi zaka khumi, mano awiri akutsogolo ali otalikirana ngati anayambana.

Pa mahatchi onse, bambo ankakonda yaikazi yofiirira. Inali ndi dzina lachizungu lopinda lilime, koma iwo ankangoti Naphiri, ati ndi mlongo wawo. Mmawa uliwonse akayala utuchi watsopano, ankaimba kamluzu kapansipansi, kotsika pang'onopang'ono, ndipo Naphiri ankatambasula miyendo n'kukodza mtima uli m'malo. Osamalira mahatchi ambiri amatero, koma Naphiri ankamvera mluzu wa bambo wokha.

Tsiku lina atabwerako kothamanga kumchenga wa kunyanja, Naphiri anakodza magazi. Madamu anapsa mtima kwambiri. Anati bambo anaimenya hatchiyo m'chiuno, ndipo anawaletsa kupondanso m'khola. Pofika Lachisanu tikhale titachoka. Kuchoka kunkatanthauza ntchito, kachipinda, ndi sukulu yanga, zonse pa kamodzi. Bambo anangokhala pakhomo pa ndowa yovundikira, chipewa chili m'manja. Nditawaona choncho, ndinachita mantha.

Dokotala wa ziweto anabwera mmawa wa Lachitatu, mayi wamfupi wovala majombo. Anati sanganene kanthu asanaone mkodzo watsopano, wosagwera pansi. Anasiya kabotolo, n'kunena kuti adzeranso cha m'ma folo koloko. Madamu anayesa okha, atamangirira kapu kundodo ya tsache. Naphiri atangoona ndodoyo anatembenuka n'kuponya mwendo, kapu n'kukagwera m'chomwera madzi. Madamu anatuluka akulankhula Chiafrikaansi chimene sindingachilembe pano.

Ine ndiye ndinatola ndodo ija. Palibe anandituma, ndipo kusukulu sindinapite. Ndinadziuza kuti sindituluka m'kholamo kapu ili youma, zivute zitani.

Vuto linali limodzi: mluzu sindinkautha. Amayi anali atandiletseratu kalekale. Ankati mwana wamkazi saimba mluzu, ndi mwano, ndipo kwathu ku Ntcheu angatiseke kuti tinakalerera mwana kutchire. Tsiku limenelo ndinaika lamulolo pambali. Ndinasongola milomo, ndinapinda lilime, ndinatseka mpata wa mano ndi chala. Kunkangotuluka mpweya ndi malovu basi. Naphiri ankandiyang'ana ndi diso limodzi, akutafuna udzu. Akayamba kudonthetsa timadontho, ine kungosuntha phazi, iye n'kuleka, mchira thi. Dzuwa linafika pamutu, malata akutentha, ntchentche zikundizungulira, masaya akuwawa. Ndinalira pang'ono, ndinapukuta misozi ndi diresi, n'kuyambiranso.

Itadutsa thuu koloko ndinamva mapazi kumbuyo. Anali amayi, atanyamula buledi m'pepala. Anandipeza milomo ili chisongolere, ndipo ndinadziwa kuti khofi lafika. Koma iwo anangoima. Anayang'ana ine, anayang'ana hatchi, kenaka anasuzumira panja mbali zonse ziwiri.

"Gwira bwino ndodoyo, Tadala," anatero. "Uime chakumbali, angakuponde."

Ndiye amayi anga, a Chigwirizano cha amayi kutchalitchi, ananyowetsa milomo n'kuimba mluzu. Unali ndendende wa bambo, wapansipansi, wotsetsereka. Naphiri anaimika makutu, anapumira m'mwamba, natambasula miyendo. Mkodzo unatsika wambuu, wonanda, wofiirira chakumapeto, wina kundithovokera m'manja muli tentheretu. Sindinanyansidwe ngakhale pang'ono. Ndinagwira kapu ija ngati ndanyamula mazira.

"Ndinkaweta mbuzi ndili ngati iweyo," anatero amayi akukonza duku. "Ukakangouza munthu, uona."

Dokotala atabweranso n'kuyeza mkodzowo, anavala chovala cha pulasitiki chofika m'phewa n'kupapasa m'kati mwa Naphiri. Anapeza mwala m'chikhodzodzo, waukulu ngati dzira la bakha. Anauza Madamu kuti mwala wotere umakula kwa nthawi yaitali, palibe ndodo kapena nsapato ya munthu imene ingaubweretse. Hatchi ikathamanga, mwalawo unkagubuduka n'kumakala khoma la m'kati. Ine ndinafunsa chifukwa chake mkodzo suwotcha chikhodzodzo masiku onse, poti m'manja mwanga munali mutayamba kale kunyerenyetsa. Dokotalayo anandiyang'ana, n'kukhala pa mtolo wa udzu. Anati maselo a m'kati mwa chikhodzodzo amavala timitundu ta shuga, ndipo timeneti timapanga kachiterezi kotchinga mnofu kuti mkodzo ndi tizilombo zisaufike. Bambo, amene tsopano anali ataitanidwa, anandimasulira kuti kali ngati kuterera kwa therere. Mwala uja unali utapala kachiterezi kameneko. Ndinafunsa ngati shugayo angathiridwe mu tiyi, ndipo ngakhale Madamu anaseka, mwamanyazi.

Kupepesa kwa Madamu kunali kwa mawu awiri okha, koma Lachisanu linadutsa tili pomwepo. Naphiri anamutengera kuchipatala cha ziweto, ndipo anabwerako wopanda mwala. Madzulo a Lachitatu lija, tikudya, bambo anati, "Koma lero ndamva mluzu wabwino. Tadala waphunzira msanga, eti?" Ankanena akuyang'ana amayi. Amayi anangowawonjezera ndiwo.

Lero ndimagwira ntchito mu labotale kuno ku Cape Town. Ndimadula minofu ya ziweto mopyapyala kuposa khoko la anyezi, n'kuithira mankhwala oonetsa shuga wa m'maselo. Chikhodzodzo cha hatchi chikafika patebulo langa, ndimaona pa makina oonera tinthu tating'ono kamzere kofiirira m'mphepete mwa maselo, kaja anandiuza mayi wa majombo. Kopyapyala choncho, koma ndi kamene kanatsala pang'ono kutisamutsa.

Zinthu zasintha. Khola lija analigwetsa, pamalopo pali nyumba za mipanda yamagetsi. Bambo anatisiya. Mwana wanga wamkazi amaimba mluzu paliponse, m'bafa, m'minibasi, ngakhale pakhomo la tchalitchi, ndipo palibe amatembenuka. Agogo ake okha ndi amene amamukalipirabe kuti mtsikana satero. Akamatero ine ndimangowayang'ana, iwo n'kuyamba kukonza duku. Mluzuwo mpaka pano sindiutha, ndipo ndasunga pakamwa zaka zonsezi. Pepani amayi, lero ndaulula.