Chingerezi cha mu chapa ya ku Cuamba

Chaka chimenecho ine ndi achemwali anga aakulu tinkakonzekera mayeso olowera sukulu ya uphunzitsi ku Cuamba. Chipwitikizi sitinkachiopa. Chingerezi ndicho chinkatisowetsa tulo.

Amene ankatiphunzitsa masana ku Mandimba anali aporofesora ena achiyao, mayi wamfupi wosachedwa kuseka. Tsiku lina analemba pa bolodi kuti: Farming is to wait.

"Chalakwika apa n'chiyani?"

Anagogoda pa bolodi ndi choko.

"Tanenani m'Chinyanja."

"Kulima ndi kudikira," anatero achemwali.

"Eyaa! Uku ku-, ukonso ku-. Kamawu aka ka is ndi 'ndi' wathu yemweyu. Ukayamba ndi farming, malizanso ndi waiting. Ukayamba ndi to farm, maliza ndi to wait. Osasakaniza."

Abale, zinatilowa ngati thobwa lowawasa! Amayi akatituma kumjigo, achemwali ankanyamula ndowa uku akufuula, "Fetching is suffering!" ine n'kugwa nako kuseka. Bambo, ali m'chigafa kusankha fodya, ankangopukusa mutu.

Popita kukalemba mayeso tinapanikizana mu chapa, minibasi ya kwathu kuno, tikubwerezabe ziganizo zathu mokweza. Mayi wina wogulitsa usipa anafunsa chomwe tinkaimba. Titamufotokozera, anati, "Basi? Ndiye munene iyi: kukwatiwa ndi kupirira!"

Chapa yonse inaphulika ndi kuseka. Aliyense anayamba kuponya yake, ife n'kumatembenuza. Woyendetsa anati kuthamanga ndi kufa, koma phazi sanachotse pa moto. Agogo ena amene anafungata tambala anakhosomola kaye, kenako anati, "Kukalamba ndi kuiwala."

"Ageing is forgetting, agogo!" tinakuwa pamodzi.

Anatsika pa Mitande akumwetulira. Titayenda pang'ono, tambala uja analira pansi pa mpando. Anthu kukuwa, kumenya denga, chapa n'kubwerera chafutambuyo m'fumbi. Tinawapeza agogo ali chiimire m'mbali mwa msewu, akuyang'ana manja awo.

M'chipinda cha mayeso, funso lamtundu womwewo linatulukadi. Ndinaluma cholembera kuti ndisaseke. Nditasuzumira mzere winawo, ndinaona mapewa a achemwali akugwedezeka, misozi ili mbwee. Woyang'anira anawasamutsira kutsogolo, pafupi ndi chitseko, akuganiza kuti akudwala.

Tinakhoza tonse awiri. Iwo anawatumiza kukaphunzitsa ku Itepela, ine ku Etatara.