Bipu Imodzi Lamlungu Lililonse

Ndinaganiza zopita ku Gaborone kukafuna ntchito tsiku limene Mutinta, mdzukulu wanga wamasiye, anabwezedwa kusukulu chifukwa chosowa nsapato. Ndinamusiya m'nyumba mwanga ku Dambwa North ndi mpongozi wanga Chipo, osati poti ndinkamukhulupirira, koma panalibenso wina.

Mwanayo ndinamugulira kafoni kamabatani, n'kumuphunzitsa kubipa: kuimba n'kudula ndisanayankhe. "Sande iliyonse ukachoka ku tchalitchi unibipe," ndinamuuza. "Kamodzi ni kuti uli bwino. Kawiri, nibwela. Usauze munthu, makamaka ba Namakau." Ba Namakau ndi a nyumba yoyandikana nafe, ndipo ndinkawaganizira zakuba, poti maso awo sankachoka pachingwe changa cha zovala.

Kumeneko ndinkasamalira mayi wokalamba wofa ziwalo. M'nyumbamo chilichonse chinkalira bipu: geti, firiji ikasiyidwa yotsegula, makina oyezera magazi. Mwana wa mayiyo ankangoti, "Ikalira bipu, thamangani." Ndinkathamangadi, koma mtima unali pa bipu yanga ya Lamlungu. Sabata yonse sindinkalankhula ndi munthu chilankhulo changa. Ndalama ndinkatumiza kwa Chipo. Ndikaimba, iye ankati, "Ali bwino, ayenda kusewela." Kenako foni yake inasiya kupezeka, koma bipu ya mwana sinaphonye, ndiye ndinapirira.

Nditabwerera patatha zaka ziwiri, ndinapeza loko wachilendo pachitseko. Chipo anali atapita ku Lusaka kalekale, ndi kafoni komwe. Mutinta anatulukira kwa ba Namakau, wamtali, atavala nsapato zopolishidwa.

"Iwe, sunabipe kawiri chifukwa chani?" ndinamufunsa.

"Nenze bwino, ambuya."

Ba Namakau anabwera akupukuta manja pachitenje. Khadi la foni mwana analibisa m'sokosi, iwo n'kumaliika mufoni yawo Lamlungu lililonse. "Ananiuza zonse, na zakuti nisauzidwe," anatero akuseka. "Mukanathawa nchito, ba mbuya, mukanamupeza ali che mushe. Phindu yake ni chani?"

Chinsinsi changa chinasungidwa ndi munthu yemwe ndinachibisira.

Lero zovala pachingwe ndimaziyang'anabe kawiri. Khalidwe silichoka ndi ulendo wa basi. Koma Lamlungu ndikachoka kutchalitchi ndimatenga foni n'kuwabipa kamodzi. Yawo imalira kuseri kwa mpanda, ndipo ndimawamva akuti, "Namva, ba mbuya. Muli bwino."