Mluzu wa Tabo Yathu

Tabo ija, chipangizo chomangirira pa injini, ndinasankha ndine. Amalume ankafuna yaing'ono, yongowonjezera mphamvu kuti lole yathu izikwera zitunda ndi nsomba zouma za ku Feira. Koma wogulitsa ku Lusaka atati yaikuluyo si ya ana, mutu wanga unatentha. Ndinakakamira mpaka tinabwera nayo, makaniko n'kutimangira ku Boma.

Palibe anandiuza kuti chinthucho chimaimba mluzu.

Zinali zaka zija ndege za ku Rodeziya zinkaponya mabomba cha ku Kavalamanja, ndipo ine ndinkaseka poyera aliyense wothawira m'ngalande. Pa chitunda choyamba, lole ikukwawa ndi katundu, amalume anaponda mafuta. Ndinamva kulira kopyapyala kukukwera m'mwamba, ngati kwa ndege zija. Sindikumbuka kutsegula chitseko. Ndinangopezeka chafufumimba m'ngalande, mchenga m'kamwa, nsapato imodzi ili pamsewu.

Amalume anaimitsa lole. "Ndamva ngati tayala likuphwa," ndinatero.

Mayi wina wogulitsa nsomba amene tinamunyamula anasuzumira ali pamwamba pa mitolo. "Tayalalo lili m'ngalande, mwaice?" anatero, kundiitana ngati kamwana.

Amalume sanaseke. Anatsika, n'kuzungulira nane lole yonse, akumenya tayala lililonse ndi phazi. "Ali bwino, mphwanga. Tola nsapato, tiye."

Bodzalo sindinalibweze mpaka lero. Chimene chimandiwawa n'chakuti kuyambira tsikulo, ndikakhala m'galimoto, amalume ankakwera chitunda chilichonse mwapang'onopang'ono, phazi lopepuka, ngati kale. Tabo yaikulu ndinaimenyera nkhondo ija sinaimbenso ine ndilipo.