Mgodi ukudya m'munda wa mlongo wanga

Lachiwili ndinatsala pang'ono kumenya munthu pa Nyimba, ndipo sindipepesa.

Mlongo wanga Tisauke anafulula mowa wa dima kuti anthu amulimile. Amuna ake, a Lungu, anabwela kuchoka ku migodi mwezi watha ndi sutikesi imodzi ndi chifuwa. Khasu likuwakanika. Mitambo yayamba kuda, munda ukali thengo. Amuna asanu ndi mmodzi analonjeza kudzalima Lachitatu.

Popita kukawakumbutsa, ndinapeza anayi atakwela kale lole ya olemba anthu nchito za ku migodi.

"A Mwanza, mowa wapsa, dima ndi mailo. Mukupita kuti?"

A Mwanza maso pansi. Anayankha ndi kapitao wa loleyo.

"Bambo, mowa sulipila msonkho. Chokani kutsogolo."

Ndinamugwila pakhosi pa malaya. "Mudzawabweza liti?"

"Akatopa," iye anatelo, osaphethila n'komwe. "Kwao kuli minda. Akazi awo adzawasamala."

Ndinamusiya. Munthu wonena zoona ungamumenye bwanji?

Mabuku a sosholizimu amati phindu la mwini mgodi ndi thukuta limene sanalipile. Ine ndinkayesa akunena thukuta la wokumba yekha. Ndinali mbuli.

A Lungu anawalela ndani mpaka kukhala ndi msana wonyamula miyala? Amai awo ku Msanzala, ndi phala la m'munda. Ana awo anadyetsa ndani zaka zonsezi? Tisauke. Lelo akuwatenthetsela madzi ndani? Tisauke yemweyo. Kampani imatenga munthu wakupsa, kumuyamwa ngati mango, n'kutiponyela njele. Malipilo imapeleka a m'kamwa mmodzi, chifukwa ikudziwa kuti m'kamwa mwina monse mukudyetsedwa ndi khasu la mkazi. Ndiye mlongo wanga akugwilila nchito mgodi umene sanauonepo, ulele!

A boma la Chitaganya akuti tipilile, walila mvula walila matope. Mkuwa ukukumbidwa m'dziko muno, misewu ya phula ikukamela kum'mwela. Mvula yakeyo ili kuti? Ife tikuona matope okha.

Chimene chikundiwotcha mtima ndi ichi: mailo pachitsime Tisauke anatukwanizana ndi akazi a a Mwanza pa nkhani ya dima lija, mpaka mtsuko kusweka. Winayo nayenso watsala yekha ndi ana anayi ndi munda wosalima. Osauka awili kukokana tsitsi, mwini mgodi sakudziwa n'komwe maina awo.

Lachitatu tinalima atatu, pamodzi ndi azimai. A Lungu anabwela ndi khasu lawo, ife tikuwaletsa. Anagalauza katatu, n'kukhala pachulu kutsokomola. Dzuwa linalowa theka la munda likali udzu, mowa wa anthu ambili ukusasa mu mbiya.

Akuti chuma cha dziko chikukula. Chabwino. Chikukulila m'munda wa yani?