Tsiku Limene Ndinakana Kuwonjezera Moto pa Ketulo ya Zinki

Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, ndipo aphunzitsi sanandilire. Koma pa nkhani ya zinki, inu a madigiri yambani mwakhala pansi.

Ndinkagwira ntchito ku Kanengo, pafakitale ina yoviika zitsulo mu zinki wosungunuka kuti zisachite dzimbiri: mageti, mapaipi a mijigo, zotchingira mawindo. Ketulo yake, chimphika chosungunuliramo zinkiyo, inali yaitali ngati minibasi ya kwathu ku Area 25. Pamwamba pa zinki pamayandama phulusa. Limenelo n'lofatsa, umangolikokolola. Mdani amakhala pansi. Chitsulo chikamaviikidwa chimadyeka pang'onopang'ono n'kukwatirana ndi zinki, ndipo mwana wawo ndi dirosi. Mwanayu amalemera kuposa zinki, ndiye amamira n'kukaunjikana pansi ngati masese mumtsuko. Ine ndinkamuyeza ndi ndodo yachitsulo. Ikamveka ngati ikulowa mumchenga wonyowa, basi wakula, ntchito iime timuvuule ndi chipande chathu chachitsulo chobowolabowola.

Ndiye kunabwera bwana watsopano, wa nsapato zosongoka. Sabata imeneyo mageti ankatuluka ndi ziphuphu ngati mwana wa Fomu 2.

"Madala, ichi n'chiyani?" anandifunsa.

"Dirosi, bwana. Wadzaza pansi, mageti akumukhudza. Tipatseni tsiku limodzi timuchotse."

"Tsiku lathunthu? Dirosiyo si zinki yemweyo? Wonjezerani moto asungunuke."

"Ndi zinki, inde, koma wadya chitsulo. Moto woti umusungunule uyamba wadya khoma la ketulo, paja nalonso n'chitsulo. Mubereka dirosi wina, kenako chibowo. Zinkiyo adzatulukira pa miyendo yathuyi. Nsapato zanuzo zidzakhala zili mu ofesi."

Anzanga onse anayamba kuwerenga malata akudenga.

"Zimenezi munaphunzira kuti?"

Ndinapinda malaya n'kumuonetsa chipsera cha pamkono. "Satifiketi ndi iyi. Mukufuna fotokope?"

Sanaseke. Ananyamuka yekha kulunjika ku mpopi wa mafuta a moto. Masiku amenewo mawondo anga anali asanayambe mwano. Ndinamudutsa, n'kuzula chogwirira cha mpopiwo, n'kuchiponya m'thumba la ovolosi.

"Bweretsani kuno!"

"Dzatengeni. Kungoti ovolosiyi sinaone sopo chiyambire Khirisimasi."

Anaitana makaniko kuti abwere ndi sipanala. Makanikoyo, munthu wopemphera kasanu patsiku, wosadziwa kunama, anangoti, "Bwana, sipanala ilipo, koma ine sinditsegula."

Ndinatenga hamala ndi zidutswa ziwiri zozizira. Cha zinki nditachimenya chinangolowa m'kati pang'ono. Cha dirosi chinasweka kuti phwa, m'kati muli mokhakhala, motuwa ngati mchenga woumbika.

"Gwirani, bwana, sichiluma. Kukhakhalako ndiye chitsulocho."

Anachigwira ndi zala ziwiri ngati mbewa yofa dzana. Ndinaona m'maso mwake kuti wamva. Koma anthu anali ataona zonse, ndipo bwana sagonja pagulu.

"Musankhe, madala: chogwirira kapena ntchito."

Ndinali ndi ana anayi kusukulu. Komabe ndinati, "Tivuule dirosi kaye. Tikatero mutenga zonse ziwiri."

Tinavuula mpaka dzuwa litapendeka. Chipande chinkakwera chodzaza, zinki wabwino akudontha m'mabowo kubwerera m'ketulo, dirosi tikumukhuthulira m'zikombole, phala lotuwa lolemera ngati tchimo. Titamaliza ndinapukuta chogwirira chija n'kukachipereka ndi manja awiri, mwaulemu wonse. Iye anandipatsa kalata ndi dzanja limodzi.

Kunyumba mayi a ana anangoyang'ana envulopuyo, osaitsegula.

"Mwayankhulanso, eti?"

"Ayi, mayi. Lero ndinachita kuzula."

"Ndiye tidya chiyani?"

"Sindikudziwa. Koma akandiitana mawa n'kunenanso za moto, ndikazulanso."