Zithunzi za agogo anga zaola mu laibulale

Mtima ukundiwawa. Laibulale ina ya mu mzinda yaoletsa zithunzi zimene anajambula agogo anga.

Ine kwathu ndi ku Usisya. Agogo, bambo awo a Ada (ndimo timatchulira bambo kwathu), ankajambula nsomba ndi mbalame nthawi ya atsamunda. Ankawatuma ndi mzungu wina wa boma. Mpasa, kampango, nkhwazi, zonse ndi penti papepala. Mzunguyo pobwerera kwawo anatenga zonse.

Chaka chatha tinamva pa wailesi kuti adzukulu a mzunguyo abweza zithunzizo, ndipo laibulaleyo yazilandira ndi mwambo waukulu. Mwezi watha Ada anandiitana. "Undiperekeze ndikaone dzanja la bambo anga maso asanatheretu."

Tinakwera boti, kenako minibasi. Pofika, miyendo yawo inali itatupa.

Lachiwiri m'mawa mayi wa pa desiki anati wosunga kiyi wapita ku msonkhano, tibwere mawa. Tinakagona kwa msuweni wanga. Mawa lake mayi yemweyo akuti zithunzizo ndi za ofufuza okha, tibweretse kalata ya ku yunivesite. Nkhalamba ya ku Usisya ikaitenge kuti kalatayo? Kuona ntchito ya bambo ako kumafuna digiri?

Ada anavula chipewa n'kugwada pasimenti. "Chonde mwana wanga, ndingoona basi."

Apo m'pamene bwana wawo anatuluka n'kutitsegulira kachipinda ka kuseri. Fungo la chinyezi linatilandira pakhomo. Makatoni ali pansi, denga lobooka pamwamba pake penipeni. Mapepala anamatana, chiswe chadya m'mbali. Bwanayo akuti za dengalo ananena kale kwa akuluakulu, sanayankhidwe.

Chimodzi chokha n'chimene chinkaoneka: mpasa, mutu ndi theka la thupi. Ada anatambasula dzanja. Mayi uja anawakalipira kuti asagwire, awononga.

Awononga ndi iwowo?

Ada anabweza dzanja n'kuliika m'thumba. Anangoti, "Yewo," zikomo ya kwathu, n'kutuluka.

Inu a laibulale, munazilandiriranji ngati munalibe pozisunga? Kunja zinakhala zaka zonsezi osanyowa, kwathu kuno chaka chimodzi chakwana kuzimaliza. Tiuzeni amene anaziika pansi paja. Ndipo mpasa yotsalayo muichotsemo lero, kapena mutipatse tidzaisunga tokha.

Dzulo kunagwa mvula. Ada anandifunsa ngati ikugwanso ku mzinda.