Nyimbo Imene Inandichotsetsa Ntchito ku Kasakula

Nditamaliza maphunziro a nyimbo ku koleji ndinabwerera kwathu kwa Msakambewa, n'kukhala ndikuthandiza amayi kumunda. Anthu ankandiseka. "Kuyimba amapitiranso kusukulu?" Ntchito inabwera kudzera mwa azakhali, amene anamva pamaliro kuti mpingo wina kufupi ndi Kasakula ukufuna woyimbitsa kwaya, poti wakale anapita ku Joni. Ndinakwera kabaza nditanyamula choko, foloko yachitsulo yopezera liwu loyambira, ndi kandodo kansungwi kotsogolera oyimba.

Wapampando wa kwaya, bambo Gwaza, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mtsikana wamng'ono chonchi? Chabwino, tiona."

Tinkakumana Lachitatu ndi Loweruka masana. Ndinkalemba do, re, mi pabolodi, n'kugawa anthu m'magulu: sopulano, alito, tena ndi besi. Gulu lililonse linkaphunzira pansi pa mtengo wake, kenako n'kukaphatikizana m'tchalitchi. Ndinkamenya foloko pabondo, kuimvera pakhutu, n'kupatsa gulu lililonse liwu lake. Chimene chinanditayitsa thukuta chinali kuwaphunzitsa kuyimba motsitsa, ndi kuyang'ana dzanja langa m'malo moyang'ana pansi.

Pabenchi yakumbuyo pankakhala mateneti a pa esiteti ya fodya, ochokera ku Phalombe ndi ku Mulanje. Ankafika mochedwa, manja ali bii ndi utomoni wa fodya. Mmodzi mwa iwo anali mayi Esinala. Alito yawo inali yotsika, yonenepa, yosagwedera ngakhale atakoka liwu nthawi yaitali. Nditaimva ndinapeka nyimbo yanga yoyamba, pa mawu a Salimo. Imayamba ndi alito imodzi yokha, pansi penipeni, kenako besi n'kulowa, enawo n'kumakwera pamwamba pake mpaka asopulano kufika pachimake. Tinaikonzekera nyengo yonse ya dzinja kuti tikayimbe pa mpikisano wa makwaya ku Mponela.

Tsikulo litafika, tili kuseri kwa holo kudikira kuitanidwa, bambo Gwaza anandikokera pambali.

"Aphunzitsi, komiti yagwirizana. Poyambira paja ayimbe Tadala."

Tadala anali mwana wawo, sopulano wabwino ndithu.

"Tadala safika pansi pamenepo, bambo."

"Ikwezeni nyimboyo. Mateneti amabwera n'kupita, sangatiyimire kutsogolo. Ndiponso alibe yunifolomu."

"Ndikaikweza, asopulano mawu awathera kumapeto."

"Mwaiwala amene anakulembani ntchito?"

Ndinapita kwa Tadala. Anali atayang'ana pansi, misozi ili lengelenge. "Ndangouzidwa, aphunzitsi. Ndikudziwa kuti sindikwanitsa."

"Ukaime pamalo pako pa masiku onse. Mlanduwu ndi wanga."

Titakwera pansanja, kutsogolo kunalibe munthu. Mateneti anali kumbuyo kwenikweni monga anauzidwira. Oweruza anandikodola kuti ndiyambe. Sindinakweze dzanja. Ndinadutsa pakati pa asopulano, pakati pa atena, mpaka ndinafika pamene anaima mayi Esinala atavala chitenje chawo chofwifwa.

"Musadziputire mavuto chifukwa cha ine," anandinong'oneza.

"Sindikukumverani chisoni ayi, mayi. Nyimboyi ndinapekera liwu lanu."

Ndinawagwira dzanja n'kubwera nawo kutsogolo. Bambo Gwaza, amene ankayimba besi, anatsokomola mokweza. Ndinamenya foloko pabondo, ndinawapatsa mayi Esinala liwu lawo, n'kutsitsa kandodo.

Anayamba mwamantha, koma pofika mzere wachiwiri liwu linakhazikika, ndipo ana amene ankasokosera m'mawindo anangoti zii. Mantha anga anali pa besi: kodi alowa, wapampando wawo atakwiya chonchi? Ndinawalozera. Analowa onse kupatula bambo Gwaza, amene anatseka pakamwa mpaka nyimbo kutha.

Sitinapambane. Oweruza anati atena anathamanga pakati pa nyimbo, ndipo sananame. Pobwerera m'lole palibe anandiyankhula. Lamulungu lotsatira komiti inandiitana m'kachipinda ka akulu a mpingo.

"Luso muli nalo, koma mwambo mulibe," anatero bambo Gwaza. "Pepesani pamaso pa kwaya, mupitirize ntchito."

"Ndikanaphonya liwu ndikanapepesa, bambo."

Ndinachoka tsiku lomwelo. Fodya atagulitsidwa, ndinamva kuti banja la mayi Esinala linasamukira ku esiteti ina. Sitinaonanenso, ndipo nyimboyo sindinaipatsenso munthu wina.

Panopa ndimayimbitsa ku Lilongwe, ndimapekanso nyimbo za oyimba pamodzi ndi mavayolini. Komiti iliyonse ikandiitana, ndimanena mawu anga tisanakhale n'komwe pansi: tsiku la mwambo, yunifolomu ndi galimoto musankhe ndinu, koma woyimba mzere uliwonse ndimasankha ndine, ndipo ndimasankha ndi khutu. Ena amavomera. Ena amayamba zoti ayimbe mwana wa abusa kapena mkazi wa bwana. Amenewo ndimawatsanzika tiyi asanabwere.